Boma likayamba kuwerenga zaka za majaji

Mu 2011 aphungu a dziko la Hungary anakhudza kanthu kamene anthu ambiri sakanataya nako tulo: zaka zimene jaji amapumira pa ntchito. Kufikira nthawi imeneyo jaji ankatha kuweruza milandu mpaka atakwanitsa zaka 70. Lamulo latsopano linati akafika 62 azikapuma. Mumzinda wa Budapest simunayende akasinja, palibe anaomba mfuti, anthu anadzuka m'mawa n'kupita kuntchito monga mwa masiku onse. Koma chaka chotsatira majaji oposa 200 anatsika pa mipando yawo, ambiri mwa iwo akuluakulu a m'makhoti, ndipo ofesi yoona za olowa m'malo mwawo inali m'manja mwa mayi amene mwamuna wake anali mmodzi mwa oyambitsa chipani cholamula panthawiyo cha Fidesz. Khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula mu Novembala 2012 kuti lamulolo linali losala anthu chifukwa cha zaka zawo. Chigamulocho chinapeza mipando yambiri itakhalidwa kale ndi ena.

Ndayambira dala pa nkhani yogonetsa tulo ngati imeneyi. Ambirife tinaphunzira kuopa ulamuliro wopondereza wa mtundu umodzi wokha: mkulu wa asilikali atavala magalasi akuda, akuwerenga chikalata pa kanema kuti boma lagwa. Mtundu umenewo sunathe, a ku Myanmar anauona mu 2021, a ku Niger mu 2023. Koma uli ndi ubwino umodzi, ngati tingautche ubwino: aliyense amadziwa tsiku limene ufulu wake unatha. Mtundu umene ukufala masiku ano ulibe tsiku. Umalowera pa khomo la chisankho, anthu akulululutira, ndipo ntchito yake umagwira ndi mabilu, ndime ndi ndime, mpaka mudzazindikire kuti mavoti mukuponyabe koma saluma aliyense. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chokha chimaimba, koma ng'oma yake imakhala ya chikondwerero.

Akatswiri a ndale ali ndi dzina la khalidwe lotsegula khomo limeneli, amati populism. Ena amaganiza kuti ndi kulonjeza zaulere pa misonkhano ya kampeni, koma zimenezo wandale aliyense amachita. Chosiyanitsa ndi chiphunzitso chake. Dziko amaligawa pawiri: uku kuli "anthu enieni", ovutika ndi oona mtima, uko kuli kagulu ka apamwamba kowadyera masuku pamutu. Kenako mtsogoleri amati iye yekha ndiye pakamwa pa anthu enieniwo. Gawo loyambalo nthawi zambiri limakhala ndi choonadi chochuluka ndithu. Chiphe chili m'gawo lachiwiri. Munthu mmodzi akakhala ndiye anthu, jaji womukaniza akukaniza mtundu wonse, mtolankhani womufunsa za ndalama ndi mdani wa dziko, ndipo amene sanamuvotere ndi ogulidwa basi. Musaganize kuti ndi matenda a mayiko osauka. Mu Novembala 2016 majaji atatu a ku London atagamula kuti boma la Britain silingayambe kutuluka mu mgwirizano wa Ulaya popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, nyuzipepala ya Daily Mail inaika zithunzi zawo patsamba loyamba n'kuwatcha adani a anthu. Mlandu wawo unali wonena kuti aphungu osankhidwa ndi anthuwo afunsidwe kaye.

Masamu a "anthu" amenewa ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Ku Hungary kuja, mu 2010 mtsogoleri wa Fidesz Viktor Orbán ndi anzake anapeza mavoti pafupifupi 53 pa 100 aliwonse, koma malamulo a chisankho anawapatsa mipando iwiri mwa itatu iliyonse, yokwanira kulemba okha malamulo oyendetsera dziko. Analembadi, osafunsa anthu kudzera pa riferendamu. Khoti loona za malamulowo analikuza kuchoka pa majaji 11 kufika pa 15, mipando ya aphungu anaichepetsa kuchoka pa 386 kufika pa 199, malire a madera anawajambulanso. Mu 2014 mavoti awo anatsika kufika pa 45 pa 100, kutanthauza kuti ovota ambiri sanawasankhe, koma mipando iwiri mwa itatu ija inabweranso. Palibe anaba bokosi la mavoti. Panalibenso chifukwa, poti lamulo linali litagwira kale ntchito ya wakubayo.

Ndinganame nditati anthu amavotera atsogoleri oterewa chifukwa cha umbuli. Chimawatuma ndi njala ndi kunyozeka. Ku Venezuela zipani ziwiri zinkangolandirana boma kuyambira mu 1958, dziko likuyandama pa mafuta, anthu wamba akukhala m'zisakasa za m'mapiri ozungulira Caracas. Mu Febuluwale 1989 mitengo ya maulendo itakwera kunabuka zipolowe, ndipo asilikali a boma losankhidwa ndi anthu anapha anthuwo mazanamazana. Choncho Hugo Chávez, polumbira mu 1999, atanena kuti buku la malamulo limene akulumbirirapolo latsala pang'ono kufa, sankauza ovutika zachilendo. Chisankho cha 1998 anapambana mwachilungamo, ndipo kwa zaka zingapo ndalama za mafuta zinafikadi m'zipatala ndi m'masukulu a osauka. Mu 2004 atakuza khoti lalikulu kuchoka pa majaji 20 kufika pa 32 n'kudzazamo anthu ake, om'konda anaomba m'manja: nanga majaji akalewo anali a ndani? Wailesi yakanema ya RCTV ataimana chiphaso mu 2007, anati yakolola mwano wake. Mu 2009 malire a materemu anachotsedwa. Ngongole yonseyi inadzafunsidwa mu Disembala 2015, Chávez atamwalira, chuma chitalowa pansi. Anthu, ambiri mwa iwo omwe aja ankaomba m'manja, anapatsa otsutsa boma mipando iwiri mwa itatu m'Nyumba ya Malamulo. Khoti lija linaimitsa aphungu atatu a otsutsa kuti chiwerengerocho chisakwane, kenako n'kuyamba kufafaniza pafupifupi chilichonse chimene Nyumbayo yachita. Voti inaponyedwa, inawerengedwa, n'kusowa kopita. Anthu oposa 7 miliyoni anachoka m'dzikolo.

Ya ku Tunisia imandipweteka kuposa zonse, chifukwa kumeneko olakwa oyamba anali amene ankadzitcha abwenzi a demokalase. Atachotsa Pulezidenti Ben Ali mu 2011, analemba malamulo atsopano mu 2014 amene mayiko ambiri anawayamikira. M'malamulomo munali khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, loti likhazikitsidwe pasanathe chaka chisankho chitachitika. Aphungu anayenera kusankha majaji anayi mwa 12. Zaka zinapita akukokanakokana, chipani chilichonse chikuopa kuti jaji wa mnzake angadzachilume, ndipo khotilo silinabadwe. Pa 25 Julayi 2021, anthu akufa ndi Covid-19, ntchito zitasowa, Pulezidenti Kais Saied, amene kale ankaphunzitsa malamulo ku yunivesite, anatseka Nyumba ya Malamulo ponena kuti ndime 80 ikumulola. Loyenera kunena ngati ndimeyo ikumuloladi linali khoti lomwe kunalibelo. Usiku umenewo anthu anavina m'misewu ya Tunis, ndipo sindiwaimba mlandu, poti aphungu awo anali atatchuka ndi kutukwanana ndi kukokana malaya m'Nyumbamo. Chaka chotsatira Saied anathetsa bungwe loyang'anira majaji, anachotsa majaji 57 tsiku limodzi, n'kubweretsa malamulo ake. Pa chisankho cha aphungu cha mu Disembala 2022 anakavota anthu 11 okha pa 100 aliwonse olembetsa. Wolankhulira anthu uja anatsala akulankhula, eni akewo ali phee kunyumba.

Pano wina andifunsa: kodi majaji ndi angelo? Sanavoteredwe ndi aliyense, ena amalandira ziphuphu, milandu ya osauka imagona zaka m'mafayilo pamene ya olemera imathamanga. Anthu asanu ovala mikanjo aletse bwanji zimene mamiliyoni avotera? Funsoli ndi lolemera, ndipo amene amaliyankha mwachipongwe, ngati akudzudzula mwana wosamva, akungomupezera otsatira wandale wogawanitsa uja. Makhoti amafunika kukonzedwa. Dziko limene limati khoti lisakhudzidwe ngakhale litaola likudziitanira lokha Chávez wake. Koma kukonza ndi kulanda n'zosavuta kusiyanitsa. Wokonza amapanga lamulo limene iye mwini angalolere kuti lidzakhale m'manja mwa mdani wake. Lamulo la zaka amalola kuti liyambire pa majaji odzalembedwa mtsogolo, kapena lilowe pang'onopang'ono. Wolanda amafuna mipando ikhale yopanda anthu sabata yomwe ino, cholembera chikadali m'dzanja lake. Ku Poland mu 2018 chipani cholamula chinatsitsa zaka zopumira za majaji a khoti lalikulu kuchoka pa 70 kufika pa 65, ndipo lamulolo linagwira majaji 27 mwa 72, kuphatikizapo mkulu wa khotilo, Małgorzata Gersdorf, amene teremu yake ya zaka zisanu ndi chimodzi inali yolembedwa m'malamulo oyendetsera dziko. Mayiyo m'mawa mwake anangobwera kuntchito, khamu la anthu likumudikira pakhomo.

Nzeru ya zakayi si ya dzulo. Mu 1936 Franklin Roosevelt anapambana m'zigawo 46 mwa 48 za United States, ndipo khoti lalikulu linali likumukanira malamulo amene ankafuna kutulutsa nawo anthu mu umphawi wa nthawi imeneyo. Chaka chotsatira anapempha kuti aziwonjezera jaji mmodzi pa jaji aliyense wopitirira zaka 70 wosafuna kupuma, mpaka asanu ndi mmodzi. Iye anati akufuna kupepuza ntchito ya okalamba. Kunena zoona, pa mkangano wa chumawo ine ndikanakhala mbali ya Roosevelt, osati ya majajiwo. Koma amene anakwirira biluyo anali maseneta, aphungu a nyumba yapamwamba ya malamulo, a chipani chake chomwe, amene anali ochuluka zedi m'nyumbamo ndipo akanatha kuivomereza tsiku limodzi. Anaona kuti chida chimenechi sichidzathera pa Roosevelt.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo sitikambapo mokwanira. Tikamati "mabungwe a demokalase" timalankhula ngati ndi nyumba za konkire zoima zokha. Khoti, bungwe loyendetsa zisankho, Nyumba ya Malamulo, zonsezi ndi anthu okhala pa mipando, okhala ndi ana asukulu ndi ngongole za nyumba, amene tsiku lina foni imalira, mawu a bwana wamkulu n'kumveka. Ndipo "ayi" wamphamvu sachokera kwa otsutsa, poti otsutsa amakana chilichonse, ndiyo ntchito yawo. Amachokera kwa munthu wa m'nyumba. Pa 2 Januwale 2021 Donald Trump, atagonja pa chisankho cha pulezidenti ku United States, anaimbira foni Brad Raffensperger, mkulu woyang'anira zisankho m'chigawo cha Georgia, kumuuza kuti akufuna kupeza mavoti 11,780. Raffensperger anali wa chipani chomwecho cha Republican, ndipo anamuyankha kuti ziwerengero zimene ali nazozo n'zolakwika. Ku South Korea, Pulezidenti Yoon Suk Yeol atalengeza ulamuliro wa asilikali usiku wa pa 3 Disembala 2024, anthu wamba anathamangira ku Nyumba ya Malamulo kukatsekereza asilikali, aphungu ena analowa modumpha mpanda, ndipo onse 190 amene anafika anavota kuti lamulolo lichotsedwe. Mwa iwo 18 anali a chipani cha Yoon. Kusanache lamulolo linali litachotsedwa, ndipo pa 4 Epulo 2025 majaji onse asanu ndi atatu anagwirizana kumuchotsa pampando. Ku Senegal mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Macky Sall ataimitsa chisankho, bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko, limene ambiri ankaliona ngati lake, linati sanatsate malamulo. Chisankho chinachitika pa 24 Malichi, ndipo anapambana Bassirou Diomaye Faye, amene masiku khumi m'mbuyomo anali m'ndende.

Koma munthu wa m'nyumba uja salimba mtima payekha. Amayang'ana kaye kunja kuti aone ngati akakana padzakhala womuimira. Ndipo ife nzika, tisabisane, khoti timalikonda monga timakondera woimbira mpira: ndi wachilungamo akapereka penate ku timu yathu, akapereka kwa anzathu wagulidwa. Khoti lalikulu la Kenya litafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 1 Sepitembala 2017, Uhuru Kenyatta anati chigamulocho wachilandira, koma tsiku lomwelo pa msonkhano anatcha majajiwo "wakora", ndiye kuti akathyali, otsatira ake akusekerera. Mtsogoleri akamatukwana jaji n'kuona kuti khamu likukondwa, waphunzira kuti mawa angachite zoposa kutukwana. Chilolezo chimenecho timapereka ndife, ndipo timapereka mosavuta chifukwa woyamba kuvulala amakhala munthu amene sitimukonda: mtolankhani wamwano, wandale wakale wakuba, bungwe lodya ndalama zakunja. Timaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kubwezeretsa zowonongekazo nakonso ndi chintchito. Anthu a ku Poland anatuluka mwaunyinji mu Okutobala 2023, ovota 74 pa 100 aliwonse, n'kusintha boma. Boma latsopano linapeza majaji oposa 2,000 osankhidwa kudzera m'bungwe limene makhoti a ku Ulaya anati si loima palokha. Kuwasiya n'kuvomereza zolakwikazo, kuwachotsa onse nthawi imodzi n'kuchita zomwe zija ankadzudzula. Kugumula kunatenga aphungu usiku ungapo wa mavoti, kumanganso kukudya zaka.

Ndasiyira kumapeto dziko limene limandisowetsa mtendere pa mfundo yanga yonse, El Salvador. Mu 2015 m'dziko la anthu pafupifupi 6 miliyoni munaphedwa anthu oposa 6,600. Magulu a zigawenga a MS-13 ndi Barrio 18 ankalamulira madera athunthu. Wogulitsa pamsika, woyendetsa basi, aliyense ankapereka msonkho kwa iwo, ndipo mwana ankatha kuphedwa chifukwa chongowoloka msewu kulowa m'dera la gulu lina. Zipani ziwiri zimene zinkalandirana boma zinalephera, ndipo ena mwa apulezidenti awo akale anathera m'milandu ya katangale. Nayib Bukele anakhala pulezidenti mu 2019. Mu Malichi 2022, zigawenga zitapha anthu 87 m'masiku atatu, boma linaimika ena mwa maufulu a anthu, ndipo kuyambira pamenepo aphungu akhala akuwonjezera nthawiyo mwezi ndi mwezi. Anthu oposa 80,000 anamangidwa. Mu 2024 boma linati chaka chonse kunaphedwa anthu 114. Ngakhale mutakayikira chiwerengerocho, kusinthako n'koona ndi maso: ana akusewera panja madzulo m'madera amene kale apolisi ankaopa kulowamo. Mu Febuluwale 2024 Bukele anapambananso ndi mavoti pafupifupi 85 pa 100 aliwonse.

Ine sindingapite kwa mayi wa mumzinda wa Soyapango m'dzikomo amene anaika mwana wake m'manda chifukwa cha zigawenga n'kukamuphunzitsa za kugawana mphamvu pakati pa nthambi za boma. Angandiyang'ane n'kundifunsa kuti nthambizo zinali kuti tsiku limene mwana wake ankaphedwa, ndipo ndingasowe chonena. Demokalase yolephera kuteteza moyo wa munthu yataya kale theka la ufulu wake wopempha kuti anthu aiteteze.

Komabe taonani momwe zinthu zinatsatanirana. Mu Febuluwale 2020 Bukele analowa m'Nyumba ya Malamulo ndi asilikali onyamula mfuti n'kukhala pa mpando wa sipikala, pofuna kuti aphungu avomereze ngongole. Pa 1 Meyi 2021, tsiku loyamba la Nyumba yatsopano imene chipani chake chinali ndi mipando yochuluka, aphungu anachotsa majaji onse asanu oona za malamulo oyendetsera dziko pamodzi ndi mkulu wozenga milandu wa boma. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chomwecho kunabwera mnzathu uja, lamulo la zaka: jaji aliyense wa zaka zoposa 60, kapena amene wagwira ntchito zaka 30, akapume. Linakhudza pafupifupi jaji mmodzi mwa atatu aliwonse. Patangopita masiku ochepa majaji atsopano aja anagamula kuti pulezidenti angathe kuimanso motsatizana, ngakhale malamulo a dzikolo ankaletsa zimenezo m'ndime zingapo. Zonsezi zinachitika kumanga anthu kwa chisawawa kusanayambe. Kuchotsa majaji sikunali kofunika kuti zigawenga zimangidwe, chifukwa palibe lamulo linkaletsa kumanga wakupha. Kunali kofunika kuti tsiku lodzamanga wosalakwa pasadzapezeke wofunsa. Ndipo osalakwa anamangidwadi. Boma lenilenilo linavomereza kuti linamasula anthu masauzande angapo amene analibe mlandu, ena atakhala m'ndende miyezi yambiri osaonana ndi loya kapena abale awo. Mabungwe oona za ufulu wa anthu alemba maina a anthu mazana angapo amene anafera m'ndende. Mayi wa mnyamata womangidwa chifukwa cha chidindo cha pathupi, kapena chifukwa wina wamuneneza pa foni, amakhala mumsewu womwewo ndi mayi woyamba uja, ndipo mwina nayenso anavotera Bukele. Iye akadandaule kuti?

Ofunsa m'malo mwake akuchepa. Nyuzipepala yofufuza ya El Faro inasamutsira maofesi ake ku Costa Rica mu 2023. Mu Meyi 2025 loya Ruth López, amene ankafufuza za katangale m'boma, anamangidwa, ndipo patapita miyezi iwiri bungwe lake la Cristosal linachoka m'dzikolo. Pa 31 Julayi 2025 aphungu 57 mwa 60 anavomereza kuchotseratu malire a materemu a pulezidenti ndi kutalikitsa teremu kuchoka pa zaka zisanu kufika pa zisanu ndi chimodzi, zonse tsiku limodzi. Otsatira a Bukele amati palibe vuto, anthu akadzatopa naye adzamuchotsa ndi voti. Anthu a ku Venezuela nawonso ankatero mu 2009. Bukele anabadwa mu 1981, ndipo lamulo la zaka 60 limene linatumiza majaji kukapuma silikhudza mpando wake.